Funsani Tikuyankheni: Kodi nsomba za m'nyanja ya mchere zili ndi mwini wake?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo onse akufunsa za nsomba za m'nyanja ya mchere. Wina angadabwe kuti anthu a kumapiri, amene chuma chawo ndi kachewere, kabichi ndi nyemba, akuvutikiranji ndi nyanja imene ambiri a iwo sanaiponyepo diso. Koma amene anaimapo pa Lizulu kapena pa Chimbiya tsiku la msika sangadabwe, pakuti ndiwo zina zimene zimagulitsidwa pamenepo zimayenda ulendo wautali kuposa umene ogulawo anayendapo chibadwire. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo maina a olemba tawasunga.

FUNSO: Akonzi, ine ndimagulitsa karapau pamsika wa Lizulu. Ndimapikula m'makatoni, ali wouma gwa ndi chisanu, kwa anzathu a ku Angonia. Chaka chino katoni yakwera mtengo, ndipo otipikulitsa akuti boma la kumene nsombazi zimachokera lachepetsa mlingo. Kodi nyanja ya mchere, imene amati ilibe malekezero, boma lingaiikire mlingo bwanji? Kodi sakungofuna kutidyera masuku pamutu?
Mayi wogulitsa nsomba, Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Mayi, mtengo wa katoni umakweranso chifukwa cha mafuta a galimoto, msonkho wa pachipata ndi kugwa kwa kwacha, choncho okupikulitsaniwo angathe kubisala kumbuyo kwa chifukwa chilichonse mwa zimenezi. Koma mawu akuti mlingo sanawapeke okha.

Karapau wambiri amene amagulitsidwa mu Mozambique, n'kudzalowanso kwathu kuno, saphedwa kugombe la Beira kapena la Nacala monga ambiri amaganizira. Amachokera kunyanja ya Atlantic, kufupi ndi Namibia, kumene madzi ozizira otchedwa Benguela amavundula chakudya cha nsomba kuchokera pansi pa nyanja. Amaphedwa ndi sitima zikuluzikulu zokoka khoka pakati pa madzi, amaumitsidwa ndi chisanu m'sitima momwemo, ndipo amatsitsidwa padoko la Walvis Bay. Mukadzapikulanso muyang'anitsitse zolembedwa pakatoni musanaing'ambe, chifukwa kawirikawiri pamakhala dzina la dziko, la kampani ndi tsiku limene nsombazo zinalongedzedwa.

Kwa zaka mazana ambiri palibe boma limene linkatha kuika mlingo wotere. Dziko linkalamulira kamzere ka madzi kotsata gombe lake, kawirikawiri mailosi atatu okha, ndipo kupyola pamenepo nyanja inali ngati dambo lopanda mfumu, limene aliyense amadyetsako ng'ombe zake mpaka msipu utatha. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, sitima za injini zamphamvu, makoka a nayiloni ndi mafiriji zinachuluka, ndipo maiko odalira nsomba anayamba kuona kuti chuma chawo chikukokoledwa iwo akuyang'ana. Dziko laling'ono la Iceland linalimbana ndi Britain katatu pakati pa 1958 ndi 1976, mpaka sitima zake zolondera zinkadula zingwe za makoka a Angerezi pakati pa nyanja, ndipo mapeto ake Britain inavomera malire a mailosi 200.

Mu 1982 maiko anasainirana pangano la United Nations la malamulo a panyanja mumzinda wa Montego Bay ku Jamaica, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1994. Panganoli limati mailosi a panyanja 12 oyamba kuchokera pagombe, amene ndi makilomita 22, ndi gawo la dzikolo monga mmene ulili mtunda wake. Limatinso mpaka mailosi 200, kapena kuti makilomita 370, nsomba, mafuta ndi chuma china cha m'madzi ndi za dziko la pagombelo, ngakhale kuti sitima za maiko ena zili ndi ufulu wodutsa. Makilomita 370 ndi mtunda woposa wa kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, ndipo nsomba zochuluka zimene zimaphedwa m'nyanja za mchere zimaphedwa m'kati mwa malire amenewa, pakuti chakudya chawo chili m'madzi a kufupi ndi mtunda.

Kuwerenga nsomba zimene munthu sakuziona ndi ntchito yovuta, koma ili ndi njira zake. Akatswiri amayenda ndi sitima ya kafukufuku m'mizere yomweyomweyo chaka ndi chaka, akutumiza phokoso pansi pa madzi ndi makina amene amajambula kukula kwa magulu a nsomba phokosolo likabwerera. Amaponyanso khoka m'malo osankhidwa, n'kuyeza utali ndi kulemera kwa nsomba zimene zakodwa. Zaka za nsomba amazidziwa potumbula mutu wake ndi kuchotsamo kafupa koyera ka m'khutu, kamene kali ndi mizere yozungulira ngati ya pachitsa cha paini wodulidwa m'phiri la Dedza, mzere umodzi kuimira chaka chimodzi. Akapeza kuti nsomba zikuluzikulu zoikira mazira zachepa, ndipo zimene zikukodwa zambiri ndi zanthete, amalangiza nduna kuti itsitse matani ololedwa kuphedwa chaka chimenecho. Matani amenewo ndiwo mlingo umene mwamvawo. Nduna imawagawa kwa makampani okhala ndi ziphaso, makampaniwo amalipira boma pa tani iliyonse, woyang'anira amakwera nawo sitima kuti azilemba zimene zikutuluka m'khoka, ndipo padoko nsombazo zimaikidwanso pasikelo. Ku Namibia mlingo wa karapau kwa zaka zambiri mpaka cha m'ma 2023 unkazungulira pa matani 300,000 pachaka, kukwera kapena kutsika, ndipo kwa nthawi yaitali sitima zokoka makoka zakhala zikuletsedwa m'madzi osaya kuchepera mamita 200, kumene kumakulira ana a nsomba. Mlingo ukatsika, makatoni ofika ku Tete ndi ku Ulongue amachepa, ndipo zotsatira zake zimakupezani pabenchi lanu pa Lizulu.

Anthu a ku Namibia anaphunzira zimenezi ndi misozi. Dzikolo lisanalandire ufulu mu 1990, sitima za ku South Africa, Spain, Soviet Union ndi maiko ena zinkapha mmene zingathere. Nsomba ya pilchard, ija timaidziwa m'zitini, inaphedwa matani oposa 1 miliyoni mu 1968 mokha, ndipo kuchokera pamenepo sinabwererenso mwakale, kotero kuti mu 2018 boma linaletseratu kuipha kwa zaka zingapo. Boma latsopanolo linalengeza malire a mailosi 200 chaka chomwecho cha ufulu, ndipo chisanathe linagwira sitima zisanu za ku Spain zikuba nsomba.

Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pepala lolola kampani kupha matani masauzande a karapau ndi ndalama zankhaninkhani, ndipo amene amaligawa ali pa mayesero aakulu. Mu Novembala 2019 zikalata zimene bungwe la WikiLeaks linaulutsa zinachititsa kuti kampani ya ku Iceland yotchedwa Samherji iganiziridwe kuti inkapereka ziphuphu kuti ipeze gawo la mlingo wa karapau. Nduna ya za nsomba Bernhard Esau ndi nduna ya za chilungamo Sacky Shanghala anatula pansi maudindo awo n'kumangidwa, ngakhale kuti iwo amakana milanduyo. Nkhaniyi imadziwika ndi dzina lakuti Fishrot. Kuona kwathu n'kwakuti dziko lingakhale ndi akatswiri abwino owerenga nsomba ndi sitima zabwino zolondera, komabe n'kuberedwa patebulo pamene mlingo umagawidwa, ndipo karapau amene ali pa mlandu umenewu ndi mtundu womwewo umene mukugulitsa inuwo.

FUNSO: Akonzi, ine ndine msodzi wa kugombe la Mtakataka. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala amatiletsa kukoka makoka kuti chambo chiswane, ndipo chaka chatha anatilanda khoka ati maso ake ndi aang'ono. Ife timaona ngati malamulowa amapweteka osauka okha. Kodi kunyanja za mchere, kumene kuli sitima za anthu olemera, nakonso amatseka? Nanga nsomba zingathedi m'nyanja yaikulu chotero?
Bambo msodzi, Mtakataka, Dedza

YANKHO: Bambo, nakonso amatseka. Ku Namibia sitima zopha nsomba yotchedwa hake zimakhala padoko mwezi wonse wa Okutobala. Ku Mozambique, m'madzi a Sofala Bank kufupi ndi Beira, boma limaletsa kwa miyezi ingapo ya dzinja kupha tizilombo ta m'nyanja timene Apwitikizi amati camarão, timene timabweretsera dzikolo ndalama zakunja. Kukula kwa maso a khoka nakonso kumalembedwa m'malamulo, ndipo woyang'anira amakhala ndi kachipangizo kolowetsa m'diso la khoka kuti aone ngati likukwana muyezo.

Funso lanu lachiwiri tiliyankha ndi nsomba imene dzina lake mumalidziwa bwino. Mawu akuti bakayawo, amene timaitanira nsomba youma yothira mchere, anachokera ku Chipwitikizi, kumene amati bacalhau. Kwa Apwitikizi imeneyi ndi nsomba ya cod youmitsidwa ndi mchere, imene asodzi awo ankakaipha kutali kwambiri, kufupi ndi chilumba cha Newfoundland ku Canada, kuyambira zaka za m'ma 1500. Bakayawo wa m'misika yathu kawirikawiri si cod, dzina lokha ndilo linatitsalira, koma zimene zinagwera mwini dzinayo n'zoyenera kuti msodzi aliyense azimve.

Kwa zaka zoposa 400 anthu ankapha cod ndi mbedza ndi timabwato, ndipo sinathe. M'zaka za m'ma 1950 kunafika sitima zimene zinali ngati mafakitale oyandama, zotha kukoka khoka usana ndi usiku, kutumbula ndi kuumitsa nsomba osabwerera kugombe kwa milungu yambiri. Mu 1968 mokha matani oposa 800,000 anaphedwa. Mu 1977 Canada inalengeza malire ake a mailosi 200 n'kuthamangitsa sitima zachilendo, koma m'malo moti nsomba zipume, dzikolo linakulitsa makampani akeake okhala ndi sitima zonga zomwezo.

Cholakwa chachikulu chinali pa kawerengedwe. Akatswiri a boma ankadalira kwambiri malipoti a sitima zikuluzikulu, amene ankaonetsa kuti makoka akutuluka odzaza monga kale. Chimene sanachiganizire mokwanira n'chakuti cod ikachepa, yotsalayo imaunjikana pamalo amodzi, ndipo sitima yokhala ndi makina ofufuzira imapeza muluwo n'kudzaza khoka lake ngakhale nyanja yonse yozungulira ili mbee. Asodzi a timabwato a m'mbali mwa gombe, anzanu a inu, anadandaula m'zaka za m'ma 1980 kuti nsomba zikuchepa ndipo zimene akupha zikunka nizichepa msinkhu, koma mawu awo sanalemere ngati a makampani. Pa 2 Julayi 1992 nduna ya za nsomba John Crosbie analengeza kuti usodzi wa cod watsekedwa kwa zaka ziwiri. Anthu oposa 30,000 ntchito inawathera, midzi ya kugombe inasamuka, ndipo zaka ziwirizo zinasanduka 32, pakuti usodzi wa malonda unatsegulidwanso mu 2024, pa mlingo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wakale.

Nkhani imeneyi ikuvomereza mbali ina ya dandaulo lanu. Amene anatha cod anali eni sitima zikuluzikulu, koma amene anasowa pogwira anali asodzi wamba, ndipo lamulo limene limalanda khoka la wosauka uku likulekerera sitima yokoka m'madzi osaya kumene chambo chimaswanira silingalemekezedwe ndi munthu aliyense. Komabe ikutsutsa mbali inayo. Ngati cod inatha m'nyanja ya Atlantic, chambo sichingalephere kutha m'nyanja ya Malawi, ndipo umboni wake uli pafupi. Kunyanja ya Malombe chambo chinkaphedwa matani masauzande ambiri pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma patangotha zaka khumi chinatsika kufika pa mazana ochepa, makoka a maso aang'ono a nkacha ndi a kambuzi atasesa ana a nsomba ndi udzu wa pansi pa madzi. Kugwa kumeneku ndiko kunachititsa kuti mu 1993 boma liyambe kugwira ntchito ndi makomiti a m'magombe, ndipo lamulo la za nsomba la 1997 linatsegula njira yoti asodzi ndi mafumu azitenga nawo mbali.

Chitsanzo chimene alendo ochokera kunja amabwera kudzaphunzirako chili kwa anansi anu ku Salima. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nthawi ya dzinja n'kudzatsegulidwa mu Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Mowa, chamba ndi juga siziloledwa pachilumbapo, zida zimayenderedwa zisanalowe m'madzi, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa pamaso pa anzake. Utaka wa ku Mbenji umadziwika ndi kukula kwake. Kumeneko lamulo limagwira chifukwa woliika, wolilondera ndi wolimvera amadziwana nkhope, ndipo chimenechi ndicho maboma a kunyanja za mchere amachisowa, kotero kuti amalipira ndalama zambiri pofuna kuona ndi makina zimene mfumu imaona ndi maso. Bungwe la FAO, limene limayang'ana za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, linati mu 1974 magulu a nsomba za m'nyanja za mchere amene ankaphedwa mopyola muyezo anali 10 pa 100 alionse, koma pofika 2021 anali atafika pafupifupi 38.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa jogalafe pasukulu ina ya sekondale kuno ku Dedza. Wophunzira wina anandifunsa ngati dziko lopanda gombe la nyanja ya mchere monga Malawi lili ndi gawo lililonse pa nsomba za kumeneko, kapena ndi za Mozambique ndi Tanzania zokha. Ndithandizeni kuti ndikamuyankhe zoona.
Mphunzitsi, Dedza boma

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo wafunsa za nzeru, ndipo yankho lake lili pawiri, papepala ndi pamadzi.

Papepala Malawi ili ndi gawo. Dziko lathu linavomereza pangano la 1982 lija mu 2010. Ndime 62 ya panganoli imati dziko la pagombe likalephera kupha lokha mlingo wonse umene laika, lizilola maiko ena kupha zotsalazo, ndipo ndime 69 imati maiko opanda gombe a m'chigawo chomwecho ali ndi ufulu wolandirako gawo la zotsalazo mwachilungamo. Koma ufulu umenewu sugwira ntchito pawokha, pakuti maiko okhudzidwawo ayenera kuyamba apangana pangano lapadera, ndipo amene amanena ngati pali zotsala ndi mwini gombe yemweyo. Mwini munda amene angathe kugulitsa zotsala zake kwa sitima za ku Ulaya kapena za ku Asia, zolipira ndalama zakunja, sachedwa kupeza chifukwa chouzira mnansi wake kuti nkhokwe yatha. Ndime imene ife timaidyerera tsiku ndi tsiku ndi 125, yopatsa maiko opanda gombe ufulu wodutsitsa katundu wawo kupita ndi kuchokera kunyanja, monga zimachitikira pamadoko a Beira ndi Nacala.

Kupyola mailosi 200 kuli nyanja yopanda mwini, imene ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyanja zonse za mchere. Kumeneko dziko lililonse, la pagombe kapena ayi, lili ndi ufulu woyendetsa sitima zokweza mbendera yake ndi kupha nsomba motsata mapangano. Ophunzira anu angaseke kumva kuti maiko a Mongolia ndi Bolivia, amene alibe gombe ngati ife, ali ndi kaundula wa sitima za panyanja ya mchere, ndipo eni sitima a maiko ena amalipira kuti azikweza mbendera zawo. Nsomba zoyenda mitunda italiitali monga tuna sizidziwa malire, choncho zimayang'aniridwa ndi mabungwe a maiko angapo pamodzi. La nyanja ya Indian limatchedwa Indian Ocean Tuna Commission, ndipo likulu lake lili mumzinda wa Victoria ku Seychelles. Vuto la mabungwe otere n'lakuti maiko opha nsombawo ndi omwenso amakhala pansi kugwirizana za mlingo, ndipo dziko limene silinakondwe ndi chigamulo lili ndi njira yochikanira kuti chisalikhudze.

Pamadzi Malawi ilibe sitima zophera nsomba kunyanja ya mchere, ndipo gawo lathu timalilandira ngati ogula. Koma muuzeni mwanayo kuti pangano la maiko a SADC la za nsomba, limene limakhudza nyanja za mchere, nyanja zonga yathu ndi mitsinje yomwe, linasainidwa mumzinda wa Blantyre mu Ogasiti 2001.

FUNSO: Akonzi, ine ndimalima kachewere ku Tsangano, ndipo abale anga ena ali tsidya la Mozambique. Iwo amati zinthu zinawavuta mu 2016 chifukwa cha ngongole ya sitima zophera nsomba. Kodi sitima za nsomba zingagwetse bwanji chuma cha dziko lonse? Ndipo ngati boma lilibe sitima, mbava za panyanja limazigwira ndi chiyani?
Bambo mlimi, Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Bambo, abale anuwo sanakunamizeni. Mu 2013 kampani ya boma la Mozambique yotchedwa EMATUM inakongola madola 850 miliyoni kudzera m'mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chomveka bwino: tuna wa m'madzi a Mozambique ankaphedwa ndi sitima zachilendo, dziko n'kumangolandira kandalama ka ziphaso, tsono kunali bwino kuti ligule sitima zakezake zophera ndi zolondera. Sitima 24 zophera tuna zinapangidwa ku Cherbourg m'dziko la France. Makampani ena awiri, ProIndicus ndi MAM, anakongolanso mwachinsinsi, ndipo zonse pamodzi zinafika pafupifupi madola 2 biliyoni, boma litalonjeza kuti lidzabweza popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Chinsinsicho chitaululika mu 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo, ndalama ya metical inagwa kwambiri, ndipo mitengo ya zinthu inakwera mpaka m'misika ya m'malire imene inu mumagulako. Sitimazo sizinaphe nsomba zoti n'kubwezera ngongole, zinangokhala padoko la Maputo zikuchita dzimbiri. Mlandu suola: mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo linagamula kuti mwana wa mtsogoleri wakale Armando Guebuza akakhale kundende zaka 12, ndipo mu Ogasiti 2024 khoti la ku New York linapeza Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma, wolakwa.

Ndalama za boma zimaononga usodzi m'njira inanso yosaoneka ngati umbava. Maiko olemera amathandiza sitima zawo ndi mafuta otsika mtengo, kotero kuti zimatha kupita kutali kukapha nsomba kumene pazokha zikanaluza n'kusiya. N'chifukwa chake mu 2022 maiko a m'bungwe la zamalonda la WTO, motsogozedwa ndi Ngozi Okonjo-Iweala wa ku Nigeria, anagwirizana ku Geneva zoletsa thandizo la boma kwa sitima zopha nsomba mozemba malamulo ndi kwa zopha magulu a nsomba amene aphedwa kale mopyola muyezo.

Za kugwira mbava, sitima yolondera ndi yodula kuigula, ndipo kuiyendetsa n'kodula koposa, choncho maboma amadalira njira zina. Sitima iliyonse yopatsidwa chiphaso imakakamizidwa kukhala ndi kachipangizo kotumiza uthenga ku setilaiti wonena pamene ili, ndipo wogwira ntchito amene wakhala pakompyuta mu ofesi amatha kuona ngati yalowa m'madzi oletsedwa, ngakhalenso kuzindikira kuti ikukoka khoka poona mmene yachepetsera liwiro. Mbava nazo zili ndi nzeru zake. Zimazimitsa zipangizozo, zimasintha dzina la sitima ndi mbendera, ndipo zimatsanulira nsomba m'sitima ina ya firiji pakati pa nyanja kuti zakubazo zisakanikirane ndi zololedwa. Koma sitima iliyonse, ingazembe chotani, tsiku lina imafuna mafuta, madzi akumwa ndi msika. Pangano la FAO limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 limapatsa dziko mphamvu zofunsa sitima yachilendo mapepala ake isanalowe padoko, kuichita chipikisheni, ndi kuikaniza kutsitsa nsomba kapena kumwetsa mafuta ngati ikukayikitsa. Mlenje amene sangathe kuthamangitsa nyama m'tchire lonse amakaidikira pachitsime.

Maiko ena anasankha kuopseza. Ku Indonesia, nduna ya za nsomba Susi Pudjiastuti, amene anagwira udindowo kuyambira 2014 mpaka 2019, analamula kuti sitima zachilendo zogwidwa zikuba zizimizidwa, ndipo mazana ambiri anamizidwadi anthu akuonerera. Mozambique inachita zosiyana ndi zimenezi zaka zingapo ngongole ija isanatengedwe. Mu 2008 akuluakulu a za nsomba anagwira sitima yotchedwa Antillas Reefer, yokweza mbendera ya Namibia, ikupha nsomba za shaki m'madzi a dzikolo popanda chiphaso, ndipo m'kati mwake anapezamo matani ambiri a shaki pamodzi ndi zipsepse zake, zimene zimagulidwa modula ku Asia. Boma linalanda nsombazo ndi sitima yomwe, linaikonza, n'kuiika pantchito yolondera madzi omwewo amene inkabamo.